Giyabokosi ikayamba kuvuta galimoto ikadali pa warranty, osathamangira kuitsegulitsa

Abale anga amene muli kuno ku Joni ndipo munagula galimoto kwa dila, kaya yatsopano kaya yoti wina anayendapo kale koma warranty, lonjezo lija la kampani loti ikawonongeka nthawi isanathe akonza okha, ikadalipo, nkhani iyi ndi yanu. Pa magulu athu a WhatsApp ndimaona anthu akubwereka ndalama zokonzetsera giyabokosi pomwe kampani ikanalipira yokha, ndipo zimandiwawa zedi chifukwa giyabokosi ya automatic si chinthu choti munthu wodikira malipiro a pamwezi angopisa m'thumba n'kulipira.

Kumudzi tinazolowera ma ex-Japan, galimoto ikangotsika pa doko ku Dar es Salaam basi ndi yako pamodzi ndi matenda ake, ikafa ndi iwe ndi makaniko wako. Ndiye tikabwera kuno maganizo amakhala omwewo, kakangolira kachinthu pansi pa galimoto tili kale pa galaja ya pakona. Koma kuno makampani ambiri ali ndi powertrain warranty, imene imagwira injini, giyabokosi ndi zitsulo zonse zotumiza mphamvu ku mateyala monga ma driveshaft ndi diff. Mwachitsanzo Hyundai kuno ku South Africa amapereka zaka 5 kapena makilomita 150 000 pa galimoto yonse, kenako amawonjezera zaka 2 kapena makilomita 50 000 pa powertrain, kufika zaka 7 kapena 200 000. Chimene chayamba kukwana, zaka kapena makilomita, ndi chomwe chimatseka nkhani, ndipo sawerengera tsiku limene iwe unagula ayi, amayambira pamene mwini woyamba anaitenga. Makampani ena manambala awo ndi osiyana, tsegulani kabuku kaja kamangogona mu cubbyhole.

Yanga si Hyundai koma njira yake ndi yomweyo. Inayamba kunjenjemera ponyamuka pa maloboti, makamaka m'mawa pa jam ya pa N1, kenako ukaponda mafuta ma rev kukwera injini kulira koma galimoto osathamanga, ukaika R, giya yobwerera m'mbuyo, imayamba yaganiza kaye kenako gu! ndiye yalowa. Ndinapita kwa achimwene ena akwathu amene ali ndi galaja, munthu wodziwa ntchito yake, anaiyendetsa pang'ono n'kuzimitsa, anati "mphwanga, ine ndikhoza kuitsegula lero lomwe, koma ndikangomasula bawuti imodzi a dila akapeza pokukanira, pita kaye kumeneko." Sanandilipiritse kalikonse ndipo ndimawalemekeza mpaka pano.

Kwa dila anailumikiza pa kompyuta, anati tachita update software, izikhala bwino. Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Ndinawapempha kuti pa job card alembe ndendende zimene ndadandaula, kunjenjemera, kuchedwa kulowa giya, tsiku ndi makilomita, ndipo ndinatenga kope langa. Mayi wa pa desiki uja anandiyang'ana kaye koma analemba. Pepala limenelo ndi umboni woti vuto linayamba warranty isanathe, chifukwa matenda a giyabokosi amabisala n'kudzabweranso, ndiye akabwera mutadutsa kale malire popanda pepala mudzangouzidwa kuti pepani bambo, nthawi inatha. Yanga inayambiranso, ndinaibweza nditajambula kavidiyo ka dashibodi ma rev akudumpha, popeza galimoto ikafika pamaso pa makaniko imakonda kukhala ngati mwana wodwala amene wachira atangoona chipatala.

Dziwaninso kuti dila si amene amavomereza. Iye amatumiza claim ku kampani yopanga galimoto, ndipo chinthu choyamba chimene amafunsa kumeneko ndi buku la sevisi. Zidindo zonse zilipo? Sevisi inkachitika pa nthawi yake? Oilo wa mu giyabokosi ndi amene iwo amafuna? Langa linali lodzaza, ma risiti ndimasunga mu envelopu, ndiye anavomera ndipo anasintha zimene zinawonongeka ine osalipira zitsulo kapena ntchito. Ndinavutika ndi ma taxi kwa kanthawi podikira ma parts, koma zimenezo n'zopiririka.

Ena mumaopa kuti mukachititsa sevisi kunja kwa dila warranty yafa. Kuyambira pa 1 July 2021 malangizo a Competition Commission, bungwe la boma loona za mpikisano pa malonda, amalola kuti muchititse sevisi ku galaja yoyima payokha warranty osatha, bola alembe m'buku zimene achita komanso akupatseni invoice. Koma akaika oilo wolakwika kapena chitsulo chimene chawononga giyabokosi, pamenepo kampani ili ndi ufulu wokana mbali imeneyo. Ndiye sevisi ya pansi pa mtengo yopanda pepala, ngakhale makaniko akhale katswiri bwanji, ikupwetekani tsiku la claim.

Pali zina zimene ife a Malawi timachita osaganiza. December akafika timamangirira ngolo yodzaza mafiriji, mabedi ndi matumba, ulendo wa ku Beitbridge mpaka ku Mwanza, giyabokosi ikutentha njira yonse. Galimoto iliyonse ili ndi malire a katundu amene ingakoke, ndipo akaona kuti munapyola amati mwaiwononga nokha. Chimodzimodzi kulowa nayo m'madzi osefukira, kapena kuchuna kompyuta ya injini kuti izithamanga kwambiri. Amene mumayendetsa Uber kapena Bolt funsani msanga ngati warranty yanu imalola galimoto yochitira bizinesi, ndipo a manual dziwani kuti klatchi nthawi zambiri amaiwerenga ngati chinthu chongotha ndi kuyenda, monga ma brake pad.

Akakukanani musangotukwana n'kutuluka. Apempheni chifukwa chake cholembedwa, lemberani imelo ku customer care ya kampaniyo, zikakanika pitani ku Motor Industry Ombudsman of South Africa, MIOSA, ofesi yomva madandaulo a ogula galimoto, ndi mapepala anu onse aja. Ndipo akakonza tengani invoice ngakhale italembedwa R0, chifukwa Consumer Protection Act imapereka miyezi itatu ya chitsimikizo pa zitsulo zimene aika ndi ntchito yake, komanso wodzagula galimotoyo mawa adzafuna kuona kuti giyabokosi inakonzedwa ndi ndani.