Kamba Woyaka Panjira ya ku Ulongwe

Galimoto yamagetsi ndinaigula kwa munthu wina amene anaiitanitsa ku Japan itayendako kale, ndipo chimene chinandikopa chinali chakuti ndidzaleka kuthira gazolina. Ndinkadzitama kwa anzanga mumzinda wa Tete kuti munthu wokhala chigawo chimodzi ndi damu la Cahora Bassa, limene mphamvu yake imafika mamegawati 2,075 ndipo magetsi ake amakafika ku South Africa, sangasowe moto woyendetsera kagalimoto kamodzi.

Tsiku lina mu Novembala, dzuwa likuswa mtengo, tinanyamuka ndi mayi a kunyumba kukaona apongozi ku Ulongwe, m'boma la Angónia, ulendo wopitirira makilomita 200. Galimoto inkaonetsa kuti batire litifikitsa makilomita 160, choncho ndinakonza zokawonjezera moto pa sitolo ya mnzanga ku Mussacama. Chimene wogulitsa uja sanandiuze n'chakuti nambala imeneyo ndi ya msewu wosalala, pamene njira ya ku Angónia ndi chikweza, ndiponso makina oziziritsa m'galimoto amadya batire lomwelo. Titadutsa Moatize ndinawazimitsa, ndipo mayi anayamba kudzikupiza ndi chitenje osandiyankhula.

Ku Mussacama tinalumikiza galimoto pakhoma pamene amatchajira mafoni. Patatha maola awiri, makilomita amene anawonjezeka anali oti wa kabaza akhoza kuwapalasa asanatuluke thukuta. Ndinachita manyazi ndi ana amene anatizinga, ndipo ndinati tiyeni, kwatsalaku Mulungu aona.

Mulungu anaonadi. Titayandikira mudzi wa apongozi, pagalasi la kutsogolo kwa chiwongolero panayaka chithunzi cha kamba, pamodzi ndi mawu a Chijapani amene sindinafunikire womasulira kuti ndiwamve. Galimoto inayamba kukwawa moti amayi osenza madengu a mbatata ya kachewere anatipitirira, kutipatsa moni, n'kutisiya. Kenaka inaima mwakachetechete, monga mmene inkayenderanso, kotero kuti mayi anazindikira mochedwa kuti taima.

Anthu a ku Angónia ndi achifundo. Mnyamata wina anathamanga n'kubwera ndi chigubu cha gazolina, ndipo anazungulira galimoto katatu kufunafuna pothira. Bambo ena anati, "Achimwene, kwerani, ife tikankha, inu mugwetse pa giya lachiwiri ilira." Ndinawafotokozera mwaulemu kuti galimoto yanga ilibe giya lachiwiri, ilibe klatchi, ndipo ngakhale ili bwinobwino silira. Anandiyang'ana ngati munthu amene wagulitsidwa mphaka m'thumba, n'kufunsa kuti, "Nanga mumadziwa bwanji kuti yafa?"

Mapeto ake mwini ngolo wina anamasula ng'ombe zake ziwiri n'kuzimangirira kutsogolo, pamtengo umene ukanagula gazolina wa ulendo wonse. Tinalowa m'mudzi dzuwa likulowa, ine nditagwira chiwongolero mwaulemerero, ng'ombe zikundiponyera ndowe pagalasi, ana akuthamanga m'mbali.

Apongozi aamuna anadzuka pa mpando, anazungulira galimoto pang'onopang'ono, anasisita ng'ombe imodzi pamsana, ndipo popeza mkamwini sayankhulidwa mwachisawawa, anatembenukira kwa mwana wawo. "Iwe," iwo anatero, "ufunse abambo akowa ngati ng'ombezi zinabwera nayo limodzi kuchokera ku Japan, chifukwa zikuoneka zamphamvu ndithu."