Ku Florida mavoti 57 pa 100 sanakwane

Pa phunziro lathu la ndale za ku America tafika pa mafunso amene anthu a chigawo chonse amavotera pa tsiku la chisankho, pambali pa kusankha atsogoleri. Ine ndatenga chigawo cha Florida. Kumeneko nzika zikhoza kusintha malamulo aakulu a chigawo chawo osadzera kunyumba ya malamulo. Zimatolera masiginecha, ndipo pa chisankho cha 2024 ankafunika 891,523. Khoti lalikulu la chigawocho likavomereza kalembedwe ka funsolo, limalowa pa pepala lovotera, munthu n'kuchonga inde kapena ayi.

Mu Novembala 2024 panali funso lotchedwa Amendment 4, lofuna kuteteza ufulu wochotsa pakati, poti kuyambira Meyi chaka chomwecho lamulo linkaletsa kuchotsa pakati popitirira masabata 6. Ovota pafupifupi 57 pa 100 alionse anati inde, koma funsolo linagwa. Amendment 3 yololeza akuluakulu kusuta chamba inapeza pafupifupi 56, nayonso inagwa. Bwanamkubwa Ron DeSantis anazitsutsa kolimba zonse ziwiri, koma chimene chinazigwetsa kwenikweni ndi lamulo loti funso lotere lipeze mavoti 60 pa 100.

Apa m'pomwe ndakhalitsa. Lamulo la 60 limeneli linabwera mu 2006 kudzera m'voti ya anthu yomweyi, ndipo linadutsa ndi pafupifupi 58 pa 100. Ndiye kuti likanayesedwa ndi muyeso wake womwe, silikanapita patali. Oliikira kumbuyo amati malamulo aakulu sayenera kumangosinthidwa chisawawa, ndipo mfundoyi ndikuimva. Chondivuta n'choti anthu 41 azitsekereza anthu 59 pa nkhani imene aphungu akana kale kuimvera. Ife tinazolowera kuti opambana ndi ochuluka, monga pa riferendamu ya 14 Juni 1993 pamene Amalawi anasankha zipani zambiri.

Komatu 60 imafikika. Mu 2018 funso lobwezera ufulu wovota kwa ambiri amene anapalamula milandu ikuluikulu koma anamaliza kugwira chilango chawo linapeza pafupifupi 65. Mu 2020 lokweza malipiro otsikitsitsa kufika $15 pa ola pomafika 2026 linapulumukira mkamwa mwa mbuzi ndi 60.8, tsiku lomwelo Donald Trump akupambana ku Florida. Izi zikundiuza kuti ena mwa amene anavotera Trump anachonganso inde pa malipiro, chipani chake chisakufuna. Lipoti langa ndilemba pa anthu amenewa.