Kujambula ndi filimu ku Cape Town: kuwala, mchere ndi kukonza zithunzi

Kuwala kwa m'mbali mwa nyanja kumapusitsa mita ya kamera, kachipangizo kopima kuwala. Mita ya kamera zakale monga Pentax K1000 kapena Canon AE-1 imatenga chilichonse chimene mwailozetsa ngati chotuwa, chosayera komanso chosada. Mukailozetsa pamchenga woyera wa pagombe la Camps Bay ku Cape Town dzuwa lili pamutu, imaona kuwala kwambiri n'kukuuzani kuti muchepetse. Mukaimvera, mchenga umatuluka wotuwa ngati phulusa, nkhope zimada bii, ndipo m'mithunzi simuoneka kanthu.

Mankhwala ake ndi kuonjezera kuwala ndi stop imodzi kapena imodzi ndi theka (kuonjezera stop imodzi ndi kulowetsa kuwala kowirikiza kawiri). Mita ikanena f/16 (kukula kwa kabowo ka lenzi) pa 1/500 ya sekondi, inu ikani f/11 kuti kabowoko kakule. Njira ina ndi kupima pakonkire kapena paudzu umene ukuwombedwa ndi dzuwa lomwelo. Kwa ife akhungu lakuda nkhaniyi ndi yaikulu, chifukwa munthu akaima nyanja ili kumbuyo kwake, nkhope ndiyo imayamba kutayika. Myandikireni mpaka nkhope idzaze kagalasi koyang'anira, pimani pomwepo, kenako bwererani m'mbuyo osasinthanso kanthu. Thambo liyera pang'ono, koma munthuyo adzazindikirika.

Musaope kuonjezera. Filimu ya negativu imalola kuwala kopitirira: Kodak Portra 400 imapirira ngakhale ma stop awiri, n'chifukwa chake ambiri amangoika kamera pa ISO 200 m'malo mwa 400 akalowetsa filimuyi (ISO ndi nambala yosonyeza mmene filimu imamvera kuwala). Chimene siikhululuka ndi kuwala kochepa. Filimu ya slide, yotulutsa chithunzi chenicheni osati negativu, monga Ektachrome E100, ndi ina: mukapitiriza ndi stop imodzi yokha, zoyera zonse zapsa. Ngati mukuphunzira kumene, isiyeni kaye.

Masana a dzinja lathu, pomwe ku Cape Town kumakhala kotentha ndiponso kouma, ISO 400 imachuluka. Kamera zambiri zakale zimathera pa liwiro la 1/1000 ya sekondi, choncho mumakakamizika kukhala pa f/11 kapena f/16 tsiku lonse. Masana tengani Kodak Gold 200 kapena Ektar 100, ndipo Portra 400 muisungire madzulo. Ektar imakometsa makoma a mitundumitundu a nyumba za m'dera la Bo-Kaap, ngakhale imafiiritsa khungu. Kumbukirani kuti nyumba zimenezo ndi makomo a anthu, pemphani musanajambule munthu pakhonde pake. Sea Point ndi Camps Bay zinayang'ana kumadzulo, ndipo mu Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 8 koloko, motero nthawi ilipo yambiri. Timanyumba topakidwa utoto tapagombe la Muizenberg ndi maboti a asodzi padoko la Kalk Bay n'zam'mawa. Kukachita mitambo ndi mvula ya mu Juni ndi Julayi, Ilford HP5 Plus yakuda ndi yoyera ndiye mwini wake.

Mdani wamkulu wa kamera kumeneko ndi mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa, imene imawomba mwamphamvu miyezi yotentha itanyamula mchenga ndi mchere. Musatsegule kamera pagombe. Kamchenga kamodzi kakakhala pachitsulo chimene chimapanikiza filimu kumbuyo, kamakanda mzere wowongoka pazithunzi zonse 36, ndipo palibe chochotsera pa negativu. Sinthirani filimu m'galimoto kapena m'sitolo, pamthunzi. Mukalowetsa yatsopano, onetsetsani kuti kachogwirira kobwezera filimu kakuzungulira pamene mukukoka. Kakangokhala chete, filimu siinagwire ndipo mukujambula mphepo.

Palenzi pakhale fyuluta ya UV, kuti mchere uzigwera pagalasi lotsika mtengo. Madzulo alionse yambani ndi kupemerera ndi kapampu, kenako pukutani thupi la kamera ndi kansalu konyowa pang'ono ndi madzi akumwa, n'kumaliza ndi galasi. Kupukuta pouma n'kulakwa, timibulu ta mchere timakanda. M'chikwama ikani timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi, ndipo kamera isagone m'chikwama chachikopa, chifukwa chimasunga chinyezi mpaka chuku kumera m'kati mwa lenzi. Filimu isatsale m'galimoto padzuwa, ndipo yochokera mufiriji idikire ola limodzi kapena awiri musanatsegule kabotolo kake.

Wochokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre kudzera ku Johannesburg amadutsa pamakina ounikira katundu kangapo, ndipo kuwonongeka kwake kumaunjikana. Filimu isalowe m'sutikesi yopita pansi pa ndege, makina a kumeneko ndi amphamvu kwambiri. Ichotseni m'makatoni, muiike m'kajumbo koonekera, ndipo pemphani mwaulemu kuti aiyang'ane pamanja. Makina atsopano ounikira katundu wa m'manja, otchedwa CT, amatha kuiwononga ulendo umodzi wokha. Chanzeru ndi kutsukitsa ku Cape Town komweko musanabwerere, popeza malabu otsuka filimu yamitundu (njira yotchedwa C-41) alipo, ndipo negativu yotsuka kale makinawa saikhudza. Pemphani masikani a TIFF (mafayilo osunga chithunzi osachiwononga) osakometsa kwambiri, ndipo manegativu anu mutenge.

Pakompyuta, pa mapulogalamu okonzera zithunzi, darktable ndi GIMP ndi zaulere, Lightroom ndi yolipira, koma ntchito yake ndi imodzi. Yambani ndi kuwongola mzere umene nyanja imakumana ndi thambo. Digiri imodzi yokha diso limaiona, madzi amakhala ngati akukhuthukira mbali imodzi. Kenako mtundu. Sikana ya kulabu ikaona buluu wochuluka wa nyanja imayesa kumuchepetsa yokha, n'kuthira chikasu pachithunzi chonse, ndiye khungu limaoneka lodwala. Pezani chinthu chimene mukudziwa kuti n'choyera kapena chotuwa, khoma lopaka laimu kapena konkire ya padoko, mupimirepo. Mchenga suyenera, uli ndi mtundu wakewake. Chowala koposa m'chithunzi chikhale thovu la mafunde, ndipo nalonso lisayere mbee mpaka kutaya mizere yake.

Timadontho toyera ndi fumbi limene linali pa negativu posikana. Kulitsani chithunzi kufika pa 100%, mutichotse limodzilimodzi, kuyambira kuthambo kumene timaonekera kwambiri. Pa HP5 muchita zimenezi pamanja basi, chifukwa chochotsera fumbi cha m'masikana sichigwira pafilimu yakuda ndi yoyera ngati imeneyi, yomwe imakhala ndi siliva. Mizere yofiira kapena yaolenji yolowa kuchokera m'mphepete ndi kuwala kodutsa pachitseko, siponji yotsekera inafumbwa. Imeneyo ndi yosintha musananyamuke, mutayesa kaye kamera ndi filimu imodzi kwanu.

Pamene ambiri amawonongera zithunzi ndi pamithunzi. Pa digito tinazolowera kuikweza, koma pafilimu yoperewera kuwala mulibe choti mukweze, mumangotulutsa timadontho tokhakhala tobiriwira. Isiyeni ide. Chochepetsera timadonthoto musachikhudze kwambiri, apo ayi nkhope zisalala mpaka kusakhalanso za anthu. Potumiza pa Facebook, mbali yaitali ikhale mapikiselo 2048. Pa WhatsApp tumizani ngati document, kuti chithunzi chisafinyidwe. Fayilo ya TIFF musailembe pamwamba, ndipo manegativu asungeni m'timatumba tawo, pouma ndi pamdima.