Bonanza yatha, zikomo a Ndirande

Ndalowa m'nyumba cha m'ma 9 koloko usiku uno, mawu atasasa, fumbi mpaka m'makutu. Mayi a kunyumba akuti ndigone ndilembe mawa, koma tulo sitibwera ndisananene zikomo.

Bonanza yatheka abale anga. Ana asewera, palibe wavulala kupatula zotupa za m'maondo, ndipo ndalama zogulira ndowa zampopi, sopo ndi klorini zakwana, zina zatsalako. Ambuye alemekezeke.

Mukudziwa chimene tinayambira zimenezi, sindibwereza zambiri. Kolera ija inayamba ku Machinga mu Malichi 2022 tinkaimva pa wailesi ngati nkhani ya kutali, mpaka inatipeza konkuno. Inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe sizinatsegulidwe pa nthawi yake, ana athu anangokhala m'makwalalamu, ndipo m'masiku omwewo tinaika m'manda goloboyi wathu wamng'ono uja. Anatsegula m'mimba usiku, kunyumba anati tidikire kuche. Kutacha zinali zitachedwa. Tisanapukute misozi, mu Malichi namondwe wa Freddy anabwera kudzagumula zimbudzi ndi kukokolola mapaipi. Magolovesi a mwana uja ndimawasungabe m'chikwama cha mipira, ndipo lero tinawaika pa mzere wa golo tisanayambe, tonse tinakhala chete kwa mphindi imodzi.

Tsono pali mayi mmodzi amene ndikufuna mumudziwe, ngakhale andiletsa kutchula dzina. Ndi alangizi a zaumoyo a m'dera lathu lino, aja mumawaona atavala yunifolomu ya buluu pa sikelo ya ana. Tsiku limene ndinawapeza ndi maganizo a bonanza, ine mutu wanga unali pa chikho ndi majezi basi. Iwo anandifunsa kuti, "Akochi, ana akamaliza kusewera asamba m'manja ndi chiyani asanadye masikono?" Ndinasowa choyankha. Kuchokera tsiku limenelo pulogalamu yonse inatembenuka.

Lero linali tsiku lawo lopuma. Anafika pagalaundi ine ndisanafike, atasenza ndowa ziwiri, mdzukulu ali kumbuyo ndi chigubu. Pa nthawi yopumulira ya masewero aliwonse ankakhazika matimu onse awiri pansi pakati pa bwalo, dzuwa la Okutobala lili phwee, n'kuyamba. Sanagwire chinkuzamawu. Anangotenga botolo la lita imodzi la madzi otetezedwa, n'kung'amba paketi ya Thanzi, n'kusakaniza ana akuona. Kenako anati, nanga Thanzi akasowa pakati pa usiku, golosale zitatsekedwa? Lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Mwana aliyense anabwereza mpaka anailoweza ngati nyimbo ya timu. Anawauzanso kuti chimbudzi chikamatuluka chamadzimadzi ngati madzi otsukira mpunga, munthu azimwa Thanzi ali pa njira yopita kuchipatala, osadikira kuche, chifukwa kolera imatha kumaliza madzi m'thupi m'maola ochepa. Atanena mawu akuti osadikira kuche, ndinachoka kaye n'kupita kuseri kwa golo.

Anaphunzitsanso kuti madzi ukathira klorini uzidikira mphindi 30 usanamwe, ndiponso kuti madzi a mu Nasolo ngakhale aoneke oyera bwanji si akumwa. Ana ena anaseka chifukwa amasambamo tsiku lililonse. Mayi aja sanakalipe, anangowafunsa kuti zimbudzi za kumtunda zikasefukira ndi mvula zonse zija zimapita kuti. Kuseka kunatha pomwepo.

Zikomo makolo amene munalola ana anu, makamaka a atsikana. Ena munkakayika, munkati mpira wa miyendo ndi wa anyamata. Ndinakukumbutsani za Temwa Chawinga amene anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse, ndipo munamvetsa. Ndime yomaliza ya atsikana ndi imene yadzaza bwalo lero, inathera ku mapenate, amayi a pamsika anasiya tomato wawo kudzaimba nthungululu. Atatha masewerowo mayi athu aja anawatengera atsikana pansi pa mtengo paokha, kukakamba za katemera wa HPV woteteza khansa ya khomo la chiberekero amene anayamba kuperekedwa m'dziko lonse lino mu 2019, ndi nkhani zina za atsikana zimene ine sindikanatha kuzikamba. Sindinawapemphe zimenezo. Anangoona kuti mpata ulipo.

Zikomo a gulu la banki m'khonde la amayi amene munasonkha za laimu wolembera bwalo ndi Sobo. Anyamata a kabaza, munanyamula mabenchi a kutchalitchi ulere, kupita ndi kubweza. Achimwene a pa chiwaya, tchipisi chija ana sadzaiwala. Oyimbira mpira athu awiri, mwaima padzuwa tsiku lonse osapempha kanthu. Abale a ku Joni amene munatumiza kangachepe, ena mwa inu mukugwira maganyu ovuta kumeneko, tikudziwa kuti munadzimana. Ndi inu nonse amene munaponya K500, K1,000 pa Airtel Money ndi Mpamba osafuna kutchulidwa, ndalama zambiri zachokera kwa inu. Amfumu, zikomo potipatsa bwalo komanso pokhala nafe mpaka kumapeto.

Ena anatilonjeza majezi ndi mipira pamaso pa anthu, anajambulitsa nawo zithunzi ndi anawa. Sabata yathayi mafoni awo anasiya kugwira. Ndi omwewo amene nthawi ya kampeni amabwera ndi zikho zikuluzikulu ndi magalimoto a nyimbo. Zandipweteka, chifukwa ana ankafunsa tsiku ndi tsiku kuti majezi afika liti. Timu imodzi yasewera yovala malaya a sukulu, ina tinailemba manambala ndi choko kumsana. Sindinena zambiri, mukudzidziwa.

Majezi atalephereka, Lachinayi madzulo ndinali nditatsala pang'ono kulengeza kuti tayimitsa. Ndinawaimbira mayi aja kuti ndiwauze asavutike kubwera. Anandiyankha kuti mvula siidikira majezi, Novembala ali pakhomo, ndipo iwo abwera ndi ndowa zawo kaya pakhala ana khumi okha. Ndi foni imeneyo imene yachititsa kuti lero lichitike. Madzulo ano titapereka mphatso ndinafuna kuwapatsa ya transipoti, anakana, anati ndionjezere pa sopo. Anatsala n'kumatola mapepala a mafulizesi pabwalo pamodzi ndi ana, anthu onse atabalalika.

Mayi, ndilibe choti ndingakubwezereni. Mulungu amene amaona zam'seri akudalitseni, akupatseni moyo wautali, adalitse ana anu ndi adzukulu anu. Bambo ndi mayi a malemu goloboyi wathu, zikomo pobwera, ndikudziwa kuti kuima pabwalo lija sikunali kophweka. Ambuye apitirize kukutonthozani.

Ndalama zonse zimene zalowa ndi malisiti a zimene tagula tiziwerenga poyera Lachitatu madzulo kwa amfumu, aliyense abwere adzaone yekha. Ndowa zampopi tiyamba kuzipereka ku sukulu za mkaka ndi pa malo ogulitsira zakudya pamsika. Ana, tirening'i ndi Lachiwiri monga mwa nthawi zonse, ndipo aliyense abwere ndi botolo lake la madzi, zomwera botolo limodzi timu yonse zija mayi aletsa.