Mmene ndinachitira digiri ya MBA ndili pa ntchito mu Lusaka

Amene akulingalira zochita digiri ya MBA (mastazi ya kayendetsedwe ka bizinesi) ali pa ntchito mu Lusaka muno ayenera kudziwa kuti zambiri zimene zimavuta pa maphunzirowa sizilembedwa pa timapepala toitanira ophunzira, n'chifukwa chake ndikufotokoza njira imene ndinadutsamo. Ine ndimayang'anira nkhokwe ndi kagulidwe ka katundu pa kampani ina yopikulitsa zakudya cha ku Lumumba Road, ndipo digiri yanga yoyamba sinali ya zamalonda. Chimene chinandikankha n'chakuti pa misonkhano ya kumapeto kwa mwezi, akauntanti akayamba kuwerenga lipoti lawo, ndinkangomva kuti zinthu zili bwino kapena sizili bwino koma mutu wake osaugwira, chonsecho katundu amene ankakambidwayo ndine ndinkamugula.

Ntchito yoyamba inali kusankha sukulu. Mu Lusaka digiriyi imaphunzitsidwa m'malo angapo, monga ku University of Zambia pa Great East Road, ku University of Lusaka, ku ZCAS University, ku Cavendish, ndiponso kudzera ku ESAMI, bungwe limene likulu lake lili ku Arusha m'dziko la Tanzania. Ndisanalipire ngakhale ndalama ya fomu, ndinafufuza ku Higher Education Authority, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la maphunziro apamwamba la 2013. Kumeneko pali zinthu ziwiri zosiyana zoti munthu atsimikize: kuti sukuluyo ndi yodziwika ku boma, komanso kuti maphunziro enieniwo a MBA anavomerezedwa. Sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa pamene maphunziro ena amene ikupereka sanavomerezedwe, ndipo wopwetekeka ndi wophunzira, tsiku limene akafune kukwezedwa pa ntchito. Pa makwerero a maphunziro amene bungwe la ZAQA limayang'anira, digiri yoyamba ili pa gawo 7 pamene mastazi ali pa gawo 9, choncho ndi bwino kuona kuti zimene mukulipirirazo zilidi pa gawo 9.

Mapepala amene anafunika anali satifiketi ya Giredi 12, digiri yoyamba pamodzi ndi chikalata chosonyeza magiredi a phunziro lililonse, chitupa cha NRC, mbiri ya ntchito, ndi makalata a anthu ondichitira umboni. Abale athu amene anaphunzira ku Malawi, kaya ku Zomba kaya ku Blantyre, kapena kudziko lina lililonse, ayenera kupereka mapepala awo ku ZAQA kuti akaunikidwe, ndipo zimenezi n'zofunika kuziyamba miyezi ikadalipo chifukwa sizitheka tsiku limodzi. Za fizi ndinakambirana ndi amayi a kunyumba tisanasaine kanthu, popeza ndalamayo imatuluka m'thumba lomwelo la lendi ndi sukulu ya ana. Makampani ena amalipirira antchito awo, koma amawasainitsa pangano loti adzagwirabe ntchito pamalopo kwa nthawi yakutiyakuti akamaliza, ndipo panganolo ndi lofunika kuliwerenga modekha. Ine ndinasankha makalasi a madzulo ndi Loweruka, ndipo ndinapempha abwana kuti pa masiku a kalasi ndiziweruka msanga kuti ndisatsekeredwe m'chipiringu cha magalimoto m'tauni.

Phunziro limene linatilandira ndi accounting, ndipo ndikuona kuti pamenepa ndi pamene digiri yonse yagona. Aphunzitsi anatipatsa malipoti a pachaka a makampani amene ali pa msika wa masheya wa Lusaka, umene unatsegulidwa mu 1994, monga Zambeef, Zambia Sugar ndi Zanaco, popeza malipotiwa aliyense akhoza kuwapeza. Anatiphunzitsa kuwerenga mapepala atatu pamodzi: losonyeza phindu kapena kuluza, losonyeza zimene kampani ili nazo ndi ngongole zake, ndi losonyeza mmene ndalama zenizeni zalowera ndi kutulukira. Pepala lachitatuli ndi limene linandifotokozera chinthu chimene chinkandizunguza ku ntchito kwa zaka zambiri. Kampani yathu inkaoneka kuti ikupanga phindu, koma pofika pa tsiku la malipiro ku banki kunkakhala kouma. Nditakhala pansi ndi mabuku athu ndinaona kuti masitolo akuluakulu ankatilipira patapita masiku 60, ogulitsa shuga ndi mafuta ophikira ankafuna ndalama zawo pa masiku 30, ndipo katunduyo ankayamba wagona m'nkhokwe milungu ingapo asanatuluke. Mpata umenewo tinkautseka ndi ngongole ya ku banki, imene chiwongoladzanja chake chinkadya phindu lija. Munthu amene sanamvetse kuti phindu la pa pepala ndi ndalama za m'manja ndi zinthu ziwiri, maphunziro onse otsatira amangowaloweza.

Pambuyo pake panabwera management accounting, yowerengera ndalama pofuna kuthandiza mamanijala kupanga ziganizo, ndi corporate finance, ya kapezedwe ndi kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za kampani. Koyambako tinaphunzira kuwerengera kuchuluka kwa katundu amene ayenera kugulitsidwa kuti bizinesi isaluze. Ngati lendi, malipiro ndi zina zosasintha zikwana K30,000 pa mwezi, ndipo thumba lililonse la ufa likusiya K15 mukachotsa mtengo wogulira, ndiye kuti matumba 2,000 oyambawo ndi ongobweza zolipira, phindu limayambira pa thumba lotsatira. Ku finance mfundo yaikulu inali yakuti kwacha ya lero siyofanana ndi kwacha ya chaka chamawa. Ngati chiwongoladzanja chili pa 20 peresenti, K100,000 imene mudzalandire chaka chamawa ndi yofanana ndi K83,333 ya lero, ndipo pa mfundo imeneyi ndi pamene pamangidwa njira zonse zoyezera ngati kugula lole yatsopano kapena kumanga nkhokwe ina kuli kwanzeru. Anzanga ambiri amene anabwereza phunziro anabwereza limeneli, osati chifukwa masamu ake ndi ozama, koma chifukwa amafuna kuyeserera tsiku ndi tsiku ndi kakyuleta m'manja, zimene munthu wotopa ndi ntchito amazizengereza mpaka mayeso atayandikira.

Phunziro la economics linandikoma chifukwa zitsanzo zake tinali kukhala nazo. Tinakambirana chifukwa chake kwacha imagwedezeka mtengo wa mkuwa ukasintha pa msika wa dziko lonse, popeza ndalama zakunja zambiri za Zambia zimachokera ku migodi. Tinaona mmene Bank of Zambia imakwezera chiwongoladzanja chake pofuna kuti kukwera kwa mitengo kubwerere pakati pa 6 ndi 8 peresenti, ndi mmene zimenezo zimafikira pa ngongole ya kampani ngati yathu. Tinaunikanso za mu November 2020, pamene dziko linalephera kulipira chiwongoladzanja cha madola 42.5 miliyoni pa Eurobond, ngongole imene boma linatenga pa msika wa ndalama wa kunja. Chilala cha 2024 chinatipeza tili pakati pa maphunziro. Boma linalengeza za tsokali pa 29 February, madzi anachepa ku damu la magetsi la Kariba, magetsi anayamba kuzima maola ambiri, ndipo mtengo wa ufa unakhala nkhani ya m'nyumba iliyonse. Nthawi imeneyo ndinkatchaja laputopu ku ntchito masana, usiku n'kumalemba asainimenti pa thebulo la pabalaza ndi nyali ya sola, ana atagona, ndikuyang'ana batire kuti ndisunge zolembazo isanathe.

Marketing sinandivute, ngakhale ndiyenera kunena kuti zitsanzo zambiri za m'mabuku ndi za ku America ndi ku Ulaya, kumene wogula amakhala ndi galimoto ndi firiji. Phunziroli linayamba kundipindulira pamene tinafunsa za wogula wa ku Soweto Market kapena wa pa kantemba ku Mtendere, amene amagula mafuta a tsiku limodzi chifukwa ndalama yake imabwera tsiku ndi tsiku. Za khalidwe la anthu m'kampani ndi utsogoleri tinadutsamo bwino, koma mbali ya malamulo a ntchito ndinaiika pamtima chifukwa ndili ndi anthu amene ndimawayang'anira. Lamulo la Employment Code la 2019 limanena kuti wogwira ntchito pa kontirakiti yopitirira chaka alandire gratuity, ndalama ya pakutha pa kontirakiti, yosachepera 25 peresenti ya malipiro ake oyambira, ndipo limapatsa amayi oyembekezera tchuthi cha milungu 14. Ku NAPSA, bungwe la boma la penshoni, wantchito amadulidwa 5 peresenti, wolemba ntchito n'kuwonjezerapo 5 peresenti ina. Manijala amene sadziwa zimenezi amalowetsa kampani m'milandu, komanso amalakwira anthu osauka amene sangathe kudziyankhulira. Ku business law tinawerenga lamulo la makampani la 2017, kalembetsedwe ka kampani ku PACRA, bungwe lolembetsa makampani, ndi misonkho ya ku ZRA kuphatikizapo VAT ya 16 peresenti.

Strategic management, phunziro la kukonza njira imene kampani iyendere m'tsogolo, imabwera kumapeto chifukwa imasonkhanitsa zonsezi. Tinagwiritsa ntchito njira ya Michael Porter wa ku Harvard, imene inatuluka mu 1979, yoyezera mphamvu zisanu zimene zimapanikiza bizinesi: opikisana nawo, ofuna kulowa kumene, ogulitsa kwa inu, ogula kwa inu, ndi katundu wina amene angalowe m'malo mwa wanu. Ntchito yambiri ya phunziroli imachitika m'magulu, ndipo malangizo anga ndi akuti musankhe gulu la anthu a ntchito zosiyana. M'gulu lathu munali mayi wa ku banki, injiniya, ndi bambo wa m'boma, ndipo aliyense ankaona chimene ena sitinkachiona. Zolemba zonse zinkadutsa pa Turnitin, pulogalamu yofufuza ngati munthu wakopera ntchito ya wina, kotero amene amaganiza zogula asainimenti akudziika pa ngozi yochotsedwa sukulu, kuwonjezera pa kudzimana chimene analipirira.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri si mayeso ayi, koma kafukufuku wa kumapeto. Makalasi akatha palibenso amene amakuitanani, ndipo munthu akhoza kukhala chaka chathunthu osalemba tsamba limodzi. N'chifukwa chake maphunziro a statistics ndi research methods sayenera kutengedwa ngati ongodutsa, ndipo mutu wa kafukufuku ndi wofunika kuyamba kuuganizira makalasi akadali m'kati. Ine ndinapita kwa aphunzitsi ondiyang'anira ndi mutu wokhudza mavuto a mabizinesi ang'onoang'ono mu Zambia. Iwo anawerenga tsambalo mwakachetechete, kenako anati, "Bambo, mutu uwu ndi munda wa mudzi wonse, inu muli ndi khasu limodzi. Ku ntchito kwanu mumakhudza chiyani ndi manja?" Ndinayankha kuti, "A Dokotala, ndimakhudza katundu wa m'nkhokwe ndi ngongole za makasitomala." Pamenepo tinagwirizana kuti ndifufuze mmene kugulitsa pa ngongole kumakhudzira ndalama zoyendetsera ntchito m'makampani opikulitsa zakudya mu Lusaka.

Dongosolo lake linali lotere. Ndinalemba proposal ya mitu itatu, yofotokoza vuto, zimene ena analemba kale, ndi njira yofufuzira, n'kukaiteteza pamaso pa aphunzitsi. Itavomerezedwa ndinapempha chilolezo ku komiti yoona kuti kafukufuku asavulaze ofunsidwa, ndipo popanda chilolezo chimenechi simuloledwa kufunsa munthu aliyense. Kenako ndinatenga kalata ya ku sukulu yondidziwitsa ku makampani. Apa m'pamene panafunika kuleza mtima, chifukwa eni mabizinesi safuna kuonetsa mabuku awo kwa munthu wa ku kampani yopikisana nayo. Ndinasintha mafunso kuti asafunse ndalama zenizeni koma masiku amene makasitomala amatenga kuti alipire, ndipo ndinalonjeza mwa kulemba kuti dzina la kampani silidzatchulidwa. Mafomu otumiza pa foni ankangokhala osayankhidwa, koma ndikapita ndekha, n'kupereka moni, n'kudikira pa benchi mpaka mwini sitolo atamaliza kuwerengera katundu wotsika mu lole, mayankho ankabwera ndi nkhani zina zimene fomu sikanazigwira.

Pa tsiku loteteza kafukufuku, mafunso ambiri anali pa njira imene ndinasankhira makampaniwo ndi ngati zimene ndinapeza zikuyankhadi mafunso amene ndinalemba m'mutu woyamba. Oyesa anandipatsa zoti ndikonze, ndipo zokonzazo zili ndi tsiku lake lomaliza, limene mukaliphonya dzina lanu silikhala pa mndandanda wa omaliza maphunziro chaka chimenecho. Nditakonza, a Dokotala anasaina, ndinakamangitsa mabukuwo mmene sukulu inafunira, n'kuyenda ndi fomu ya clearance, yotsimikizira kuti ndilibe ngongole ndi sukulu, ku laibulale ndi ku ofesi ya ndalama. Malisiti onse a fizi kuyambira semesita yoyamba ndinali nawo m'fayilo imodzi, ndipo ku ofesi ya ndalama anawayerekeza ndi zimene zinali mu kompyuta yawo asanadinde fomuyo.