Chipangizo chilichonse mu dipatimenti chili ndi munthu wake

Kabuku kamene amatipatsa tikangolembetsa digiri yachiwiri kapena ya PhD kamakhala ndi tsamba lotchula zinthu zimene dipatimenti ili nazo: labotale, laibulale, makompyuta, intaneti, chipinda cha ophunzira a kafukufuku. Tsambalo silinama, zinthuzo zilipodi. Koma pamene ndakhala ndikuchita kafukufuku wanga wa ukhondo wa madzi akumwa, ndaona kuti chipangizo chilichonse chili ndi munthu amene amasunga kiyi wake, amene amadziwa pamene chimavutira, ndiponso amene angakuuze tsiku limene chidzakhale chopanda wochigwiritsa ntchito. Ukapanda kumudziwa munthu ameneyo, chipangizocho sichikuthandiza ngakhale chitalembedwa m'kabuku ndi zilembo zazikulu.

Desiki ena amaitenga ngati nkhani yaing'ono, ine ayi. Wophunzira wa digiri yoyamba amayenda ndi chikwama chake kalasi ndi kalasi, ndipo zimamukwanira chifukwa ntchito imene wapatsidwa imatha m'masabata ochepa. Wa kafukufuku amakhala ndi funso limodzi kwa zaka. Mapepala amene akuwerenga amafunika akhale pomwe anawasiya dzulo, otambasuka, pensulo ili pa ndime yomwe inamuimitsa mutu, kuti akafika m'mawa angopitiriza. Kulongedza madzulo aliwonse n'kumasulanso kukacha kumadula ganizo pakati. Chipinda chathu chili ndi madesiki, makabati okhoma, bolodi ndi pulinta imodzi, basi. Chimene chimachipatsa mtengo ndi anthu amene akhalamo. Aphunzitsi oyang'anira kafukufuku wako umaonana nawo mwa apo ndi apo, chifukwa akuphunzitsa, akuchonga, ali ndi misonkhano ndi kafukufuku wawo. Koma mnzako wa desiki yoyandikana, amene anayamba chaka chimodzi iwe usanabwere, umamuona tsiku lililonse. Ndi iyeyo amene amaona kuti wakhala ukuyang'ana tebulo limodzi la manambala kuyambira m'mawa n'kunena kuti, "Tabwera nayo kuno tione." Dipatimenti imene imabalalitsa ophunzira ake a kafukufuku, aliyense kukagwirira kumene wapeza malo, imataya maphunziro ochuluka amene ikanawapeza osalemba ntchito mphunzitsi wina.

Ku labotale ndi kumene nkhaniyi imaonekera bwino. Pa khomo pali buku lalikulu lachikuto cholimba, ndipo bambo amene amayang'anira labotaleyo salola munthu kulidutsa. "Achimwene, lembani kaye dzina, tsiku ndi makina amene mukufuna, musanakhudze chilichonse." M'bukumo mumalembedwanso tsiku limene makina anakonzedwa komaliza, amene anawagwiritsa ntchito dzulo, ndi chachilendo chilichonse chimene chinaoneka. Manambala ako akatuluka okayikitsa, bukulo ndi limene limakuuza ngati vuto lili m'madzi kapena m'makina.

Bambo amenewa ndi amene anandiphunzitsa zinthu zimene mapepala a kafukufuku amazilemba mu mzere umodzi wokha ngati kuti aliyense amazidziwa kale. Makina oyezera pH, muyeso wa asidi m'madzi, suyamba nawo kuyeza sampulo yako. Umayamba wawaviika m'timabotolo ta madzi odziwika kale, a pH 4, 7 ndi 10, kuti akhazikike, ndipo kansonga kake kagalasi sukasiya pouma, umakabwezera m'madzi ake osungira. Mabotolo otungira masampulo amalowa mu autoclave, makina ophera tizilombo ndi nthunzi, pa madigiri 121 kwa mphindi 15, ndipo pa botolo lililonse umamata katepi kamene kamatuluka mizere yakuda kutentha kukafika. Ndinawaona akutulutsa botolo limodzi, kuliyang'ana mozondoka, n'kulibweza chifukwa mizere yake sinade bwino. Sananene zambiri. Anangondionetsa katepiko n'kuliika pambali.

Madzi amene ndatunga ndimawasefa pa kapepala kokhala ndi timabowo tating'ono kwambiri ta 0.45 micrometre, tizilombo n'kutsala pamwamba pake, kenako kapepalako kamagona mu incubator, kabati yosunga kutentha kosasintha, pa madigiri 44 usiku wonse kuti tizilombo tochokera m'chimbudzi tikule, ndiwerenge timadontho take m'mawa. Apa pali chinthu chimene wophunzira watsopano sangachiganizire payekha. Masampulo oterewa sadikira. Amafunika kusungidwa pozizira n'kuyezedwa pasanathe tsiku. Ndiye kuti tsiku lopita kukatunga madzi silisankhidwa ndi iwe wekha ayi, limasankhidwa ndi ndandanda ya incubator. Ngati mnzako waitchera pa madigiri 37 chifukwa cha ntchito yake sabata yonseyo, iwe sungaikemo zako, ndipo ulendo wako wonse wapita pachabe. Umayamba walembetsa malo mu labotale, kenako n'kukonza galimoto. Zimenezi palibe kabuku kamene kanazilemba.

Palinso zinthu zimene zimatha: timapepala tosefera, magolovesi, mankhwala okulitsira tizilombo. Makina akhoza kukhalapo koma zimenezi kulibe, ndipo kuitanitsa zatsopano kudzera mu ofesi yogula katundu ya yunivesite kumatenga nthawi yaitali kuposa mmene wophunzira amaganizira. Funso loti amagula ndani, dipatimenti kapena ndalama za kafukufuku wako, ndi lofunsa mwezi woyamba, usanalembe n'komwe bajeti. Safunsa adadya phula. Ndimamva kuwawa ndikamawerenga thesis, buku limene wophunzira amalemba pomaliza kafukufuku, imene pa tsamba lothokoza yatchula mapulofesa onse koma yaiwala anthu a mu labotale, chonsecho theka la njira zimene zafotokozedwa m'chaputala chachitatu zinachokera m'manja mwawo.

Laibulale nayo yasintha kwambiri kwa munthu wa kafukufuku. Mashelefu alipo, koma zambiri zimene timafuna zili m'magazini a kafukufuku a pa intaneti, ndipo ambiri mwa iwo ndi otseka, amafuna ulipire kuti uwerenge pepala limodzi. Google Scholar, yofufuzira mapepala a kafukufuku pa intaneti, imakuonetsa kuti pepala lilipo, koma si nthawi zonse imakutsegulira. Amayi amene amathandiza ophunzira a kafukufuku ku laibulale yathu anandikhazika pansi n'kundionetsa makomo amene sindikanawapeza ndekha. Mayunivesite ambiri amalipira chaka ndi chaka kuti ophunzira awo aziwerenga kudzera m'nkhokwe za magazini za pa intaneti ngati JSTOR, ndipo ukalowa ndi akaunti ya yunivesite umatha kuwerenga uli kunyumba. Mayunivesite a m'mayiko osauka ali ndi mwayi wina wotchedwa Research4Life, umene umawatsegulira magazini ochuluka kwaulere kapena pa mtengo wotsika. Unayamba ndi Hinari ya zaumoyo, imene bungwe la WHO linakhazikitsa mu 2002, kenako AGORA ya zaulimi ya bungwe la zachakudya ndi ulimi la FAO mu 2003, OARE ya zachilengedwe mu 2006, ARDI ya zaluso ndi sayansi mu 2009, ndi GOALI ya zamalamulo mu 2018. Amene amalembetsa ndi yunivesite, osati wophunzira payekha, ndiye njira yolowera imakhala ku laibulale. Pali ophunzira amene amamaliza chaka chathunthu akudandaula kuti mapepala ndi otseka, pamene chowatsegulira chili pa desiki ya munthu amene amamudutsa tsiku lililonse.

Pepala likakanikabe, laibulale imatha kukubwerekera ku laibulale ina. Ukhozanso kufufuza ngati wolemba wake anaika kope laulere m'nkhokwe ya yunivesite yake, kapena kungomulembera imelo mwaulemu, ndipo ambiri amasangalala kutumiza. Anthu a ku laibulale amathandizanso pa nkhani ina yowopsa. Ukangoyamba kudziwika kuti ukuchita kafukufuku, maimelo amayamba kufika kuchokera ku magazini amene amalonjeza kusindikiza pepala lako m'masiku ochepa ukalipira. Ambiri mwa amenewa saunika n'komwe zimene walemba, ndipo pepala likalowa mmenemo ntchito ya zaka yawonongeka. Mndandanda wa DOAJ, wa magazini amene aliyense amawerenga kwaulere, umene unayamba mu 2003, ndi amodzi mwa malo oyambira kufufuza ngati magazini aulere ndi odalirika, koma kufunsa munthu amene amaona zimenezi tsiku ndi tsiku n'kwachangu.

Za mapulogalamu a pa kompyuta sindichulutsa. Zotero ndi yaulere, imasunga mapepala onse amene wawerenga n'kukulembera mndandanda wa mabuku m'kalembedwe kamene dipatimenti ikufuna, ndipo ndi yoyamba nayo sabata yoyamba, osati thesis ikamatha. SPSS, Stata ndi NVivo, zounikira data, ndi zolipira, ndiye funsa ngati laisensi ya yunivesite imalola kuika pa laputopu yako kapena imagwira pa makompyuta a pa sukulu okha. Ine ndinasankha R powerengera manambala ndi QGIS pojambula mapu, chifukwa zonse ndi zaulere ndipo zidzagwirabe ntchito ndikadzachoka pano. R imavuta poyamba, zimenezo n'zoona, ndipo mpamene mnzako wa desiki yoyandikana amafunikiranso.

Kumene umasunga data ndi nkhani ya dipatimenti, si ya iwe wekha. Lamulo limene anthu a makompyuta amaphunzitsa ndi la makope atatu, pa zipangizo zamitundu iwiri, limodzi likhale kutali ndi enawo. Laputopu ndi fulashi zimene zili m'chikwama chimodzi zimabedwa limodzi. Dipatimenti yabwino imakupatsa malo pa seva yake. Ndipo ngati kafukufuku wako akukhudza anthu, monga wanga amene amafunsa mabanja mmene amasungira madzi, mayina awo sungangowaika paliponse. Komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku imafunsa kuti mafomu adzakhomeredwa kuti, ndipo ndani adzakhale ndi pasiwedi. Mfundo yoti munthu avomere yekha atamvetsa bwino asanalowe m'kafukufuku ndi yakale, ili mu Declaration of Helsinki ya 1964, chikalata cha mfundo za kafukufuku wa zaumoyo wokhudza anthu, ndipo ndimagwirizana nayo ndi mtima wonse chifukwa anthu amene amatitsegulira makomo awo sakhala ndi njira ina yodzitetezera. Komitiyi imakumana pa masiku ake oikika, nthawi zambiri imabweza fomu kuti ukonze, ndipo data imene watolera usanalandire chilolezo siigwiritsidwa ntchito. Mlembi wa dipatimenti ndi amene amadziwa masiku amenewo, monganso amadziwa nthawi imene mafomu opempha ndalama zopitira ku misonkhano ya kafukufuku amatuluka ndi kutsekedwa.

Semina ya dipatimenti sindinaione pa tsamba lija la m'kabuku, koma ndimaiwerengera pamodzi ndi labotale. Kuimirira pamaso pa anthu amene si a phunziro lako n'kufotokoza chifukwa chimene watungira madzi malo awa osati awo kumakuonetsa mipata imene iwe ndi okuyang'anira munaizolowera. Funso limene linasintha chaputala changa chachiwiri linachokera kwa wophunzira wa za nthaka, amene anangofunsa ngati ndaganizirapo zoti mvula ikagwa usiku manambala a m'mawa amasintha. Mafunso oterewa ndi abwino kuwamva tsopano, kusiyana ndi kudzawamva koyamba kwa oyesa tsiku loteteza thesis.

Zonsezi zili ndi tsiku lotha, ndipo ophunzira ambiri sauzidwa. Ukamaliza, kapena nthawi yako yolembetsa ikadutsa usanamalize, m'mayunivesite ambiri imelo ya sukulu imatsekedwa, akaunti ya laibulale imasiya kugwira, eduroam imene inkakulumikiza pa intaneti ngakhale uli pa yunivesite ina imakukana, ndipo desiki imapita kwa wina. Chonsecho nthawi imeneyo ndi imene ukufuna kusandutsa machaputala ako kukhala mapepala osindikiza, oyesa akufuna ukonze zina, ndipo ukufunikabe kuwerenga. Madipatimenti akanamawasiyira omaliza maphunziro mwayi wa laibulale kwa chaka chimodzi, mapepala ambiri amene amafera m'makabati akanatuluka, ndipo ndikufuna nkhaniyi tikaitule ku msonkhano wa ophunzira ndi aphunzitsi ukubwerawu. Pakadali pano ndatsegula nambala ya ORCID, yodziwitsira wochita kafukufuku pa mapepala ake, imene ndi yaulere ndipo imakhala yako moyo wonse kulikonse kumene ungapite, ndaikapo imelo yanga yachiwiri imene si ya sukulu, ndipo ndafunsa kale anthu a makompyuta kuti adzandipatsa masiku angati osamutsira data yanga akaunti isanatsekedwe.