Zikomo kwa inu a kuseri kwa zenera la mankhwala

Amai anga akwanitsa chaka chathunthu osagonekedwa m'chipatala chifukwa cha shuga, ndiye lero sindikhala chete.

Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi ku damu la magetsi la Kariba, kuno ku Chawama mu Lusaka malaiti ankatha pafupifupi tsiku lonse osabwera. Insulin, mankhwala a shuga amene amai amagwiritsa ntchito, imafuna pozizira, madigiri 2 mpaka 8, koma firiji yathu inangosanduka kabati. Usiku ndinkadzuka kukakhudza kabotolo, mtima uli m'mwamba. A sista a kukiliniki yathu ndi amene anandikhazika pansi n'kundiphunzitsa za miphika iwiri yadothi: waung'ono kulowa mu waukulu, pakati mchenga wonyowa, pamwamba nsalu yonyowa, n'kuika pamthunzi. Anandiuzanso kuti tsiku lotsegula botolo ndizililemba, chifukwa likatsegulidwa lisapitirire milungu inayi. A sista, Mulungu akudalitseni.

Koma amene ndikufuna kuwathokoza kwambiri ndi abambo a kufamase, amene ambirife timangowaona dzanja pazenera. Kale ndinkayesa kuti ntchito yawo ndi kungopereka mapilitsi. Ayi ndithu. Mtundu uliwonse wa mankhwala uli ndi khadi lake pashelefu, ndipo chilichonse cholowa kapena chotuluka chimalembedwa. Amene atsala pang'ono kutha mphamvu amaikidwa kutsogolo kuti ayambe ndiwo kuperekedwa. Manambala omwewo ndi amene amagwiritsa ntchito poitanitsa katundu wochokera ku ZAMMSA, bungwe la boma logawa mankhwala m'zipatala. Mwezi wina khadi linawaonetsa kuti insulin yotsala sifika pa tsiku loti amai akatenge mankhwala. Sanadikire kuti tifike n'kutipatsa kapepala kokagulira m'tauni, pomwe ndalama yake ine ndinalibe. Anaimba foni kukiliniki ina, nakonza mapepala, mabotolo n'kubwera m'kabokosi kozizira. Ine ndinazimva patapita masiku, kuchokera kwa amai ena a m'komiti ya zaumoyo ya m'dera lathu. Eni ake sananene kanthu.

Ndithokozenso amai a m'komitiwo, amene amayenda m'komboni popanda malipiro kukumbutsa odwala kuti azipita kukiliniki mankhwala asanathe. Anansi athu amene ankatigawira madzi onyowetsera mchenga pa nthawi imene madzi ankavuta, sindinakuiwaleni.

Loweruka amai akukwera basi ku Intercity kupita ku Chipata ku ukwati wa mdzukulu wawo. Nyimbo ayamba kale kuyeseza pakhonde.